Kuchotsa ndi Kubweza Fosifolasi m'Madzi a Zonyansa

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka; koma akatswiri oyeretsa madzi a zonyansa za m'mizinda, amene ntchito yawo ambirife sitiiganizira n'komwe, aikapo mtima kuti aole chuma chimodzi chimene chimapita ndi madziwo, ndicho fosifolasi, amene Hennig Brand anamupeza mu mkodzo ku Hamburg m'chaka cha 1669, yemweyonso amene mlimi amamugula mu feteleza wokulitsa kuti mizu ya chimanga ilimbe. Mbewu ilibe china chomulowa m'malo, ndipo gawo lalikulu la miyala ya fosifolasi lili m'dziko limodzi lokha, la Morocco.

Pa ntchito imeneyi pali mawu awiri amene munthu asamawasokoneze. Kuchotsa ndiko kutchinjiriza mtsinje, pakuti fosifolasi akachuluka m'madzi amanenepetsa ndere ndi namasupuni, ndipo izi zikamaola zimamaliza mpweya kufikira nsomba zitafa. Motero amathira m'madzimo mchere wa chitsulo, chitsulocho n'kugwira fosifolasi, n'kumira naye pansi m'matope. Mtsinje wapulumuka ndithu, komatu chitsulo chimagwira zolimba, kotero kuti matopewo ngakhale awamwaze kumunda, mizu imavutika kumulanda.

Kubweza ndiyo ntchito yoposa, ndipo ine ndiyesa kuti ndiyo yoyenera ulemu. Matope aja amawatsekera m'thanki yopanda mpweya, mmene mabakiteriya ena, monga a mtundu wa Geobacter, amene amapumira chitsulo m'malo mwa okosijeni, amasandutsa chitsulo cha mtundu wa dzimbiri, cholembedwa Fe(III), kukhala Fe(II). Ndipo ichi chikakumana ndi fosifolasi chimabala timiyala tating'ono kuposa mchenga, totchedwa vivianite, dzina limene linaperekedwa mu 1817 polemekeza John Henry Vivian. Timiyalati timatuluka totuwa, koma tikangokhudzana ndi mpweya timasanduka tabuluu, ndipo maginito amphamvu amatikoka. Pa khalidwe limeneli mpamene ofufuza a ku bungwe la Wetsus, mumzinda wa Leeuwarden ku Netherlands, anamangapo njira yosolola timiyalato m'matope ndi maginito, kuti pambuyo pake fosifolasi alekanitsidwe ndi chitsulo, chitsulocho chibwerere kukagwira wina.

Dziko la Germany linakhazikitsa lamulo mu 2017 lakuti kuyambira 2029 malo akuluakulu oyeretsera madzi azibweza fosifolasi wa m'matope awo, kuchotsa kokha kusakwanirenso.