Zhuang, Xiaowei

Zhuang, Xiaowei: mayi wasayansi wobadwira ku China mu 1972, amene amafufuza mmene mamolekyulu a m'maselo amagwirira ntchito powaunika limodzilimodzi. Anaphunzira fizikisi ku University of Science and Technology of China ndi ku Berkeley. Atagwira ntchito ndi Steven Chu ku Stanford, anayamba kuphunzitsa ku Harvard mu 2001. Mu 2006 gulu lake linatulukira STORM, njira yowalitsa mamolekyulu mosinthanasinthana kuti maikulosikopu isiyanitse tinthu totalikirana mananomita pafupifupi 20. Mu 2015 linatulukiranso MERFISH, yowerengera mitundu yambirimbiri ya RNA m'selo imodzi n'kudziwa majini amene akugwira ntchito. Analandira Breakthrough Prize ya 2019. Onaninso: DNA, RNA, jini.