Ndarama za Mowa ndi Ulamuliro wa Lusaka

M'caka ca 1913 Lusaka anali mudzi waung'ono wolamulidwa ndi kabungwe ka Azungu. Mu 1935 Boma linasamukira kuno kucokera ku Livingstone, ndipo anthu akuda odzafuna nchito anacuruka, koma m'kabungweko analibe mpando.

Nanga ndarama zosamalira makomboni zinali kucokera kuti? Zambiri zinali za mowa. Lamulo linaletsa akazi kufulula mowa wogulitsa, kuti anthu azikamwera ku nyumba za mowa za eni mzinda. Phindu lace ndilo linamangira maholo ndi mabwalo a mpira. Motero mmphawi anadzilipirira yekha, osaona konse buku la ndaramazo. Analipo makhonsolo a anthu akuda opatsa uphungu, amene anayambira ku migodi mu 1938, koma kulangiza si kulamula. Mzungu anali kumva, nacita za kumtima kwace.

Mu 1957 a African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula, anauza anthu kuti aleke kumwa m'nyumbazo, ndipo akazi anaima pa makomo kubweza amuna. Pomwepo thumba la mzinda linapepuka. Dziko litalandira ufulu mu 1964, lamulo la 1965 linakhazika makhonsolo osankhidwa ndi anthu onse.

Tsono mpando uja unapezeka, koma mpando suwerenga ndarama. Khansala amene anthu ace samfunsa kumene yapita misonkho ya pa msika, kapena cifukwa cace zinyalala sizicotsedwa, sasiyana kweni-kweni ndi kabungwe ka 1913.