Mbiri ya Timaulusi Todzimanga Tokha

M'thupi la camoyo ciri conse muli kaulusi kochedwa RNA, kocepetsetsa kotero kuti diso silingakaone. Kali ngati mkanda wolukidwa ndi mitundu inai, imene akatswiri amailemba A, U, G ndi C; ndipo lamulo lake nlakuti A agwirana ndi U, G agwirana ndi C. Kwa zaka zambiri ophunzira anakayesa mthenga cabe wotumidwa ndi DNA. Nzeru yakuti kangakhalenso mtengo womangira inadza mocedwa.

M'caka ca 1987 Peixuan Guo, mbadwa ya ku China wophunzira ku America, anapeza RNA wamfupi m'kacirombo kochedwa phi29, kamene kamagwira mabakiteriya. Kaulusi kameneka kakapindika kamakhala ndi timanja tiwiri. Tsono mu 1998, ali ku Purdue, Guo anasintha dala zilembo za m'timanjato, kuti dzanja lamanja la kamodzi ligwire lamanzere la kanzake kosankhidwa. Atatithira pamodzi m'madzi a magnesium, tinafunana tokha ndi kugwirana, popanda wotilumikiza. Iye anati m'kacirombomo timazungulira tisanu ndi kamodzi. Anzake ena anawerenga tisanu, ndipo mkangano unakhalitsa. Koma cacikuru cinali citaoneka: mmisiri safunika kugwira mitengo, angolemba bwino zilembo.

Mu 2004 Luc Jaeger ndi anzake ku Santa Barbara anapanga timabwalo ta ngondya zinai tolumikizana ngati mphasa.

Cotsatira angacimve msanga munthu wodziwa Nkaya. Mu 1970 njanji ya ku Nayuchi itatsegulidwa, njira zitatu zinakomana pamenepo: ya ku Salima, ya ku Blantyre ndi ya ku Nacala, ya ku Moatize inadza pambuyo. Mu 2011 gulu la Guo linasonyeza kuti pakati pa RNA uja pali mphambano yotere, ya tizidutswa titatu todzilumikiza tokha molimba. Pa mwendo umodzi angamangepo mankhwala, pa wina cizindikiro cotsogolera katunduyo ku cotupa ca khansa, kuti minofu yabwino isapwetekeke. Cobvuta ncakuti mwazi umadya RNA msanga. Cifukwa cake amamlimbitsa ndi fluorine, ndipo anayamba kuyesera pa mbewa za m'nyumba zopimiramo.

Mu 2014 Cody Geary, Paul Rothemund ndi Ebbe Andersen wa ku Aarhus anapanga ulusi umodzi wodzipinda wokha pamene ulikulukidwa, ndipo timatabwa take tinafoletsana ngati zisa za njuci.