Banjo ya pamsika idayamba kale zikondwerero zisanabadwe

Zikondwerero za luso zomwe zikutchuka m'Malawi muno n'zamsinkhu waung'ono. Lake of Stars idayambira ku Chintheche mu 2004, Blantyre Arts Festival idabwera mu 2009, ndipo Tumaini ya kumsasa wa anthu othawa kwawo ku Dzaleka idayamba mu 2014. Pa zikondwerero zotere, anthu odutsa amakopeka kwambiri ndi zomwe zikuchitika panja: mdipiti wa ovina mumsewu, anyamata ogadabuzika m'malere, kapena woimba yemwe wangokhala pansi ndi gitala yake anthu atamuzungulira. Okonza zikondwerero amakonda kunena kuti akutengera luso kwa anthu, ngati kuti lusolo lidabadwira m'holo.

Munthu wokulira ku Thuchila akamva zimenezi amangomwetulira. Dera ili, lomwe limadziwika ndi dzina la mtsinje wotsika m'phiri la Mulanje kukathira mu Ruo, lazunguliridwa ndi misika: Nkando, Chonde, Luchenza, Chitakale. Tsiku la msika, pakati pa ogulitsa kaunjika, nsomba zouma, nandolo ndi chinanazi, sipalephera kupezeka munthu yemwe malonda ake ndi nyimbo. Palibe amamuitana, palibe amamulemba pa pulogalamu. Amasankha yekha pokhala, kufupi ndi pokwerera minibasi kapena pomwe pali mowa, n'kuika mbale patsogolo pake. Ntchito imeneyi ili ndi mbiri yaitali kuposa ya chikondwerero chilichonse chomwe tatchulachi.

Banjo isanafike kudali bangwe. Ndi kathabwa kosema bwino, chingwe chimodzi chachitali chitapisidwa m'mabowo uku ndi uku mpaka kukhala ngati zingwe zisanu ndi ziwiri, ndipo kumapeto kwake ankalowetsa m'chikho kapena m'chitini kuti mawu azimveka patali. Kudalinso kaligo wa chingwe chimodzi wokhwekhwereza ndi kauta. Ena mwa akatswiri a zida zimenezi adali anthu osaona, omwe ankayenda mudzi ndi mudzi kamwana katawagwira ndodo. Ankaimba pamowa, pamaliro ndi pabwalo la amfumu, ndipo anthu ankawafupa ndi zomwe zilipo: ufa, chipanda cha masese, pena nkhuku. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey wa ku South Africa adayendera Nyasaland ndi makina ojambulira mawu, ndipo nyimbo za bangwe zomwe adatenga zikusungidwabe mpaka lero ku International Library of African Music.

Chomwe chidasintha zinthu kuno ndi ndalama ya kumapeto kwa mwezi. Henry Brown adabzala tiyi ku Thornwood mu 1891, minda ya azungu idakula, ndipo Alhomwe ochokera ku Mozambique adapitiriza kuwoloka malire mwaunyinji mpaka cha m'ma 1930, ambiri mwa iwo n'kugwera m'goli la thangata. Njanji yodzera pa Luchenza idafika ku Blantyre mu 1908. Pomwe pali esiteti pali tsiku la malipiro, pomwe pali siteshoni pali anthu odikira sitima opanda chochita. Woimba adazindikira msanga kuti khamu lotere lili ndi makobiri m'thumba. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali a King's African Rifles adabwerako ndi magitala ndi mabanjo. Omwe ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, ndi ena okagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ankabwera ndi galamafoni ndi mbale zake.

Zida za m'sitolo zidali zodula, choncho anyamata a m'midzi adayamba kukhoma zawo. Luso limeneli likadalipo ndipo ndi loyenera kuliona ndi maso. Thupi la banjo ndi chigubu cha mafuta chodulidwa kapena mphika wakale wa chitsulo. Pamwamba amakungapo chikopa cha mbuzi chikadali chonyowa n'kuchikhomera ndi timisomali, kuti chikauma chilimbe. Khosi lake ndi mtengo wosema ndi kasemasema. Zingwe ndi waya wa mabuleki a njinga, wopombosola kachingwe kamodzikamodzi. Chikopa chikalefuka chifukwa cha chinyezi, monga chimachitira m'nyengo ya chiperoni, woimba amachiwamba pamoto wa mapepala kwa kamphindi, akuchigogoda ndi chala mpaka chitayankha bwino. Pambali pake pamakhala ng'oma yoponda ndi phazi, ndi zitsekerero za mabotolo zotungidwa pawaya zomwe zimachita phokoso la chisekese.

Kenaka kudabwera kwela. Nyimbo imeneyi idabadwira m'misewu ya Johannesburg m'ma 1950, komwe tianyamata tinkaliza zitoliro zachitsulo zotsika mtengo m'makona a misewu, diso lina lili kwa apolisi. Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso adatchuka nayo, ndipo mu 1958 nyimbo ya Tom Hark idagulidwa kwambiri mpaka ku Britain. Besi ya magulu amenewa idali ya chingwe chimodzi chomangidwa pa bokosi lonyamulira tiyi, mabokosi a mtundu womwewo omwe ankatuluka m'mafakitale a ku Mulanje ndi Thyolo.

Ku South Africa kwela idazilala m'ma 1960, koma idapeza mudzi wina kwa Singano ku Chileka. Banja la a Kachamba lidakhalako ku Salisbury, ndipo litabwerera kumudzi, ana awo Daniel ndi Donald adabwera nayo nyimboyo m'makutu. Daniel, wobadwa mu 1947, ankaliza gitala. Mng'ono wake Donald ankaliza chitoliro, osati mongochigwira pamilomo, koma mochilowetsa m'kamwa chopendekera kutsaya, kuti mawu azituluka onenepa. Ankayenda wapansi ndi zida zawo, kuimba m'misewu ndi m'malo omwera mowa a mu Blantyre. Ndi mumsewu momwemo momwe Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, adawapeza mu 1967. Adawajambula mawu ndi kanema, adalemba za iwo, ndipo mu 1972 Daniel adakaimba ku Ulaya. Daniel adamwalira mu 1987. Donald adayenda maiko ambiri, ndipo mu 1999 adakaphunzitsa nyimbo zake pa yunivesite ya UCLA ku America, asanamwalire mu 2001. Mwana yemwe ankatoleredwa makobiri m'mbali mwa msewu adakaimirira kutsogolo kwa ophunzira a digiri. Moya Aliya Malamusi, wa kwa Singano komweko, adapitiriza ntchito yosonkhanitsa nyimbo za oimba a m'midzi, ndipo pamodzi ndi Kubik adatulutsa chimbale cha Opeka Nyimbo mu 1989.

Kwa anthu a kuno kwa Alhomwe, dzina lomwe limagunda pamtima ndi la malemu Allan Namoko wa ku Thyolo. Adali wosaona, ndipo iye ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, ndi banjo ndi ng'oma zokhoma pamanja. Mawu ake adali okanda, olira, oti munthu ukawamva kamodzi suwasokoneza ndi a wina. Wailesi ya MBC, yomwe idayamba mu 1964 ndipo kwa zaka zambiri idali yokhayo m'dziko muno, inkaulutsa nyimbo zake, moti nyimbo yake ya Lameki idadziwika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Koma kutchuka pa wailesi sikudali kulemera. Bungwe loteteza umwini wa luso la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992, patangotsala zaka zitatu kuti Namoko atisiye mu 1995. Nthawi zambiri chakudya chake chinkachokera m'manja mwa anthu omuzungulira pamsika ndi pamowa.

Boma silidawaonepo oimba otere ngati antchito. Lamulo la vakabu, lomwe tidatengera kwa atsamunda, linkalola wapolisi kugwira munthu aliyense yemwe akuoneka kuti akungoyendayenda popanda chifukwa chomveka, ndipo munthu wonyamula banjo usiku pochokera kubawa sadali kutali ndi msampha umenewo. Mu 2006 kudabwera Operation Dongosolo yochotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda, ndipo mavenda akachoka, khamu lomwe woimba amadalira limachokanso. Gawo lina la lamulo la vakabu lidathetsedwa ndi Khoti Lalikulu mu 2017, pa mlandu womwe adakasuma ndi venda wa ku Blantyre, Mayeso Gwanda.

Kwina zidayenda mosiyana. Ku Edinburgh, mu 1947, magulu asanu ndi atatu a zisudzo adafika pa chikondwerero chomwe sadaitanidweko, n'kuyamba kuchita zawo m'mphepete. Lero Fringe, yomwe idaphuka pamenepo, ndi yaikulu kuposa chikondwerero chomwe chidawatsekera kunja, ndipo mwezi wa Ogasiti uliwonse msewu wa Royal Mile umadzaza ndi ochita masewero ochokera m'maiko osiyanasiyana, aliyense ndi nthawi yake ndi malo ake. Ku London, kuyambira 2003, oimba m'masiteshoni a sitima zapansi amapatsidwa chiphaso atayesedwa kaye luso. Kwathu kuno woimba wa pamsika timamuika gulu limodzi ndi wopemphetsa. Timamuponyera ndalama mwachisoni, pamene iye watigulitsa chinthu chomwe wachipeka, wachiyeserera, ndipo ngakhale chida chake wachikhoma yekha.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo m'nkhani ino mwambiwu wapherezera mochititsa manyazi. Zomwe zidachitika kwa a Kachamba zakhala zikubwerezeka. Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa zowamba m'mbali mwa msewu wa M1, akuimba nyimbo zauzimu podikira magalimoto, mpaka Ian Brennan wa ku America adawajambula n'kutulutsa chimbale chawo choyamba mu 2012, kenaka adakaimba ku chikondwerero cha WOMAD. Lazarus Chigwandali, woimba wachialubino, ankaimba m'misewu ya Lilongwe asanajambule chimbale cha Stomp on the Devil ndi Johan Hugo mu 2019. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay adadziwika kunja chifukwa cha kanema wa pa intaneti womuonetsa akuliza babatoni, chida chachitali cha chingwe chimodzi cha waya wa m'tayala, dzanja lina akumenya ndi kamtengo, lina akutsetsereza botolo pachingwepo.

Nanga a Madalitso Band? Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni adatha zaka zambiri akuyenda wapansi kuchokera ku Mtandire kukaimba m'misewu ya Lilongwe, wina atakhalira babatoni, wina ali ndi gitala ya zingwe zinayi uku chidendene chikugunda ng'oma. Pano tisanamizire alendo okha: yemwe adayamba kuwajambula ndi Mmalawi, Emmanuel Kamwenje. Koma chitseko chidatseguka atakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Kuchokera apo kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa zimbale zawo, Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022, ndipo akhala akuimba m'zikondwerero zikuluzikulu za ku Ulaya ndi zida zomwe zija. Ena omwe ankawadutsa pamsewu osatembenuka ndi omwe lero amalipira pakhomo kuti akawaone.

Anthu a ku Thuchila ali ndi chikondwerero chawo pafupi. Pafupifupi chaka chilichonse mu Okutobala, kuyambira 2008 pomwe malemu Bingu wa Mutharika adakhazikitsa bungwe la Mulhako wa Alhomwe, khamu limasonkhana pa Chonde. M'bwalo mumalowa tchopa, gule yemwe UNESCO idamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014. Ovina amazungulira atabereka zikwama, zikopa za nyama, zidole ndi ziwiya zakale kumsana. Koma aliyense yemwe adafikako amadziwa kuti chikondwererocho chili pawiri. Pali cha m'bwalo, cha atsogoleri ndi malankhulidwe, ndiye pali cha kunja kwa mpanda, komwe kuli kalongonda, otheka, ogulitsa mankhwala azitsamba ndi magulu ovina omwe sadapeze mpata pa pulogalamu. Kunja kumeneko ndi komwe munthu amamva zomwe midzi ikuimba chaka chimenecho, ndipo okonza zikondwerero za m'tauni akadakhala ofunitsitsa kupeza oimba atsopano, bwenzi akuyambira kumeneko m'malo modikira kuti dzina limveke kaye ku Geneva.

Mdani wamkulu wa banjo lero si wapolisi koma chimkuzamawu. Pamsika uliwonse pali kashopu koika nyimbo m'mafoni, ndipo sipika yake imalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Wogulitsa mankhwala a makoswe ali ndi yake, mlaliki ali ndi yake. Chikopa cha mbuzi sichingapikisane nazo, n'chifukwa chake oimba ena ayamba kuyenda ndi kasipika ndi batire. Omvera nawo asintha. Ambiri amatulutsa foni n'kujambula, kanemayo n'kuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, mwini nyimbo osaonapo kanthu.

Pena kanema wotereyu amabweza mwayi, ngakhale mochedwa. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, boma loyandikana ndi Mulanje, adabadwa mu 1930 ndipo adatha zaka zambirimbiri akuimba ndi gitala yawo m'malo omwera mowa. Mu 2020 Patience Namadingo adaimba nawo limodzi nyimbo zawo zakale, ndipo nyimbo ya Linny Hoo idafalikira pa TikTok n'kumvedwa ndi anthu mamiliyoni m'maiko omwe sadziwa n'komwe Chichewa. Atolankhani akunja atawayendera kumudzi kumayambiriro kwa 2022, adawapeza ali ndi zaka 92, alibe foni yamakono, ndipo zoti atchuka dziko lonse adachita kuuzidwa ndi achinyamata a m'mudzimo.