Megabaiti yoyamba: m'mene Linux inaisiyira BIOS

Pamene kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya PC m'chaka cha 1981, inaikamo purosesa ya Intel 8088, yomwe sinkatha kufikira memory yoposa megabaiti imodzi, ndipo akatswiri a kampaniyo anagawa malo ochepawo pawiri: makilobaiti 640 oyambirira anawapereka kwa mapulogalamu, pomwe 384 otsalawo anawasungira zooneka pa sikirini komanso BIOS, yomwe ndi pulogalamu yokhazikika m'makina imene imadzutsa kompyuta munthu akangoiyatsa. Ngakhale m'chigawo cha mapulogalamucho BIOS inali ndi pake, pakuti kilobaiti yoyamba yeniyeni inkasunga ndandanda ya maadiresi amene purosesa imathamangirako chipangizo china chikaiitana, ndipo kuyambira pa makompyuta a PS/2 a 1987 BIOS inadzitengeranso kadera kena pansi penipeni pa malire a 640.

Linus Torvalds atayamba kulemba Linux ku Helsinki mu 1991, anapeza malirewa ali chikhalire, ngakhale kuti purosesa ya 386 imene ankagwiritsa ntchito inkafikira magigabaiti anayi. Kernel, yomwe ndi phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta, siingalembe paliponse pamene yafuna, choncho ikamadzuka imafunsa BIOS kuti malo aufulu ndi ati, ndipo yankho limabwera m'ndandanda yotchedwa E820. Vuto linali lakuti BIOS zina zinkanena zina n'kuchita zina. Zinkalengeza kuti malo ena ndi aufulu, koma kompyuta ikagonekedwa n'kudzutsidwanso, zinkalembamo mobisa ndi kuononga zimene kernel inasungamo, moti makina ankatha kuima popanda mwini wake kudziwa chomwe chawapha.

M'chaka cha 2008 olemba Linux anayamba kuikira BIOS mlonda: kernel inkapatula makilobaiti 64 oyamba, kuwadzaza maziro, ndi kumawayendera masekondi 60 aliwonse kuti ione ngati wina wawakhudza. Chaka chomwecho anayamba kusiyiratu makilobaiti 64 amenewo pa makina okhala ndi BIOS za makampani a AMI ndi Phoenix. Koma ndandanda ya BIOS zolakwitsa inkangokula, ndipo mu 2010 H. Peter Anvin, mmodzi wa olemba Linux, anasintha lamulolo kuti malowo azisiyidwa pa makina onse, ngakhale kuti wofuna ankatha kusintha kukula kwake, kuyambira makilobaiti 4 mpaka 640, polemba mawu akuti reservelow poyatsa kompyuta.

Nkhaniyi inatha mu 2021, pamene Mike Rapoport anakonza zoti Linux 5.13 izipatula megabaiti yonse yoyamba, itangotengamo kamalo kochepa ka trampoline, kapulogalamu kodzutsira mapurosesa ena m'makinawo, komwe sikangakhale kwina chifukwa purosesa iliyonse ya x86, lomwe ndi banja la 8088 ndi 386, imadzukabe ngati ya 1981, yosaona kupyola megabaiti imodzi. Chigamulochi chinali chanzeru, ndipo chikadayenera kubwera kale, pakuti pa kompyuta ya magigabaiti 8 malo otayikawo sakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 8,000, pomwe kusaka cholakwika chimodzi chotere kunkadya nthawi yochuluka ya akatswiri. Posakhalitsa mawu a reservelow anachotsedwa mu kernel, popeza panalibenso choti asinthe.