Bayoloji

Bayoloji ndi nthambi ya sayansi yofufuza zinthu zamoyo monga zomera, nyama, anthu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Dzinali linachokera ku mawu awiri a Chigiriki: bios, kutanthauza moyo, ndi logos, kutanthauza phunziro. Linayamba kufala mu 1802, pamene Jean-Baptiste Lamarck wa ku France ndi Gottfried Treviranus wa ku Germany analigwiritsa ntchito m'mabuku awo, aliyense payekha.

M'Chichewa ena amati sayansi ya zamoyo. Mawuwa asasokonezedwe ndi "zaumoyo", omwe amanena za thanzi la anthu ndi chipatala basi, pomwe bayoloji imakhudza ngakhale bowa ndi chiswe. Imaphunziranso mavairasi ngati HIV, ngakhale kuti akatswiri amatsutsanabe ngati ndi amoyo, popeza sachulukana pokhapokha atalowa m'selo ya chamoyo china.