Ndani Anatchinga Kumbuyo Kuposa Onse?

Ochemerera mpira kuno ku Niassa sachedwa kugwirizana mukawafunsa za womwetsa zigoli woposa onse amene dziko lino linabala. Amati Eusébio, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma afunseni za wotchinga kumbuyo, mudzaona mawu akukwera. Pa pulogalamu ya masewero imene ndimayendetsa pa wailesi kuno ku Lichinga, funso limeneli likabwera mauthenga a pafoni sasiya kulowa. Achinyamata amati Reinildo. A msinkhu wanga amati Mexer. Madala amaseka, amati ana inu simunaone kanthu. Ndiye ndati ndilembe maina amenewa motsatana ndi zaka zawo, kuti pokangana tizidziwa amene tikukanganirawo.

Tiyambe ndi nthawi ya Apwitikizi, pamene Lichinga inkatchedwa Vila Cabral ndipo Maputo inali Lourenço Marques. Masiku amenewo Moçambique inalibe timu yodziwika ngati ya dziko loima palokha. Mnyamata waluso akaoneka, matimu a ku Lisboa ankamutenga, ndipo akafika pamwamba ankavala malaya a Portugal. Pa mpikisano wa Chikho cha Dziko Lonse wa 1966 ku England, Portugal inathera pa nambala 3, ndipo m'timu imeneyo munali anyamata anayi obadwira kuno: Eusébio, Mário Coluna, Hilário da Conceição ndi Vicente Lucas. Aliyense amakumbukira zigoli 9 za Eusébio. Ochepa okha ndi amene amadziwa kuti Hilário ndi Vicente ndiwo ankatseka pakhomo.

Hilário anabadwa mu 1939 ku Lourenço Marques, ndipo anasewera kumbuyo chakumanzere ku Sporting kwa zaka zoposa khumi. Anali m'gulu la Sporting limene linatenga chikho cha ku Ulaya mu 1964. Vicente, wobadwa mu 1935, anali mng'ono wake wa Matateu, womwetsa zigoli wotchuka wa Belenenses, ndipo nayenso ankasewera komweko. Pa 19 Julaye 1966, mumzinda wa Liverpool, Portugal inakumana ndi Brazil imene inali itatenga chikhocho kawiri motsatizana. Vicente anapatsidwa ntchito yoyenda ndi Pelé kulikonse kumene apite. Portugal inapambana 3-1, Brazil n'kubwerera kwawo. Pelé anavulazidwadi tsiku limenelo, koma amene anamuponda ndi João Morais. Vicente amakumbukiridwa kuti ankalanda mpira mwaulemu, mofika msanga pamalo, osati ndi zidendene. Chaka chomwecho ngozi ya galimoto inamuwononga diso, mpira wake n'kuthera pamenepo.

Ngati tikuwerenga ndi magoloboyi omwe, dera lathu la kumpoto lili ndi wake. Costa Pereira anabadwira ku Nacala mu 1929, ndipo ndiye anali pagolo pamene Benfica inatenga chikho chachikulu cha ku Ulaya mu 1961 ndi 1962.

Apa ndi pamene mkangano umatentha. Ena amati anthu amenewa asawerengedwe, chifukwa anamenyera mbendera ya atsamunda pa nthawi imene nkhondo ya ufulu inali itayamba kale mu 1964, anthu a m'mphepete mwa nyanja akuthawira ku Likoma ndi ku Tanzania. Mawu amenewa ndimawamva ndipo sindiwapeputsa. Koma ndimafunsa kuti, mnyamata wa ku Mafalala akanavala malaya ati pamene ena kunalibe? Atsamunda anatenga thonje lathu, anatenga amuna athu kupita nawo ku chibalo, anatenganso miyendo ya ana athu. Tikawachotsa m'mbiri yathu ndiye kuti tawapereka kwa Apwitikizi kachiwiri, ulendo uno ndi manja athu.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, osewera anayamba kukalamba ali kwawo. Madala a kumwera amatchula Joaquim João, wotchinga pakati wa Ferroviário de Maputo, amene anavalanso lamba wa kaputeni m'timu ya dziko. Timuyo inafika koyamba ku mpikisano wa Chikho cha Africa mu 1986 ku Egypt. Koma ife a m'malire, zaka zimenezo tinali pa nkhondo ya zaka 16, ndipo ambiri tinawolokera ku Malawi. Wailesi imene inkamveka bwino inali ya MBC. N'chifukwa chake mkulu wa ku Mandimba kapena ku Cóbuè mukamufunsa za difenda, dzina loyamba kutuluka limakhala la Jack Chamangwana, uja ankamutcha Africa, wa Wanderers ya ku Blantyre, amene anali m'timu ya Malawi yotenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, kenako n'kukasewera ku Kaizer Chiefs. Sindimudzudzula mkulu wotereyu. Munthu amakonda amene anamumva akutchulidwa usiku umene iye analibe china chomusangalatsa.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, a Mambas anabwerera ku Chikho cha Africa mu 1996, mu 1998 ndi mu 2010. Mpikisano wa 2010 ku Angola umationetsa tsoka la wotchinga kumbuyo. Dário Khan anatumikira timu ya dziko zaka zambiri, koma anthu amamukumbukira ndi zigoli ziwiri zimene anadzimwetsa mwangozi, china ndi Benin, china ndi Egypt. Mipira mazanamazana imene anachotsa pakhomo palibe amene anaiwerenga. Womwetsa akaphonya kasanu n'kugoletsa kamodzi amanyamulidwa pamapewa. Difenda akatchinga masewero onse n'kuterereka kamodzi, dzina lake limalowa m'nyimbo zachipongwe.

Mumpikisano womwewo munali mnyamata wochokera ku Desportivo de Maputo, Edson Sitoe, amene tonse timamudziwa kuti Mexer. Anadutsa ku Portugal n'kukafika ku Rennes ya ku France. Pa 27 Epulo 2019, mu ndime yomaliza ya chikho cha France, Paris Saint-Germain ya Neymar ndi Mbappé inatsogola 2-0. Rennes inabweza chimodzi, kenako Mexer anadumphira kona n'kumwetsa chamutu, 2-2. Rennes inatenga chikho pa mapenate.

Reinildo Mandava, wobadwira ku Beira mu 1994, anayambira ku Ferroviário da Beira. Anatenga ligi ya France ndi Lille mu 2021, anapita ku Atlético Madrid mu 2022, ndipo mu 2025 analowa ku Sunderland, n'kukhala mwana wa Moçambique woyamba kusewera mu Premier League. Mu Januwale 2024 ku Côte d'Ivoire, Ghana ikutsogola 2-0 nthawi itatha, Geny Catamo anamwetsa penate, Reinildo n'kubwezera chamutu, 2-2.

Taonani chimene chachitika m'ndime ziwirizi. Pofuna kutamanda Mexer ndi Reinildo, ndatchula zigoli zawo, pamene ntchito imene analembedwera ndi yoletsa zigoli. Ntchito ya difenda ndi chigoli chimene sichinalowe, ndipo chimene sichinachitike sichilembedwa m'buku la oyimbira. Chimakhala m'kamwa mwa amene anaona kapena anamva.

Mukandikakamiza kuti ndisankhe mmodzi, ine ndimati Vicente Lucas. Wotchinga timamuyeza ndi munthu amene anamutsekereza, ndipo palibe mwana wa dziko lino amene anapatsidwa katundu wolemera kuposa Pelé pa Chikho cha Dziko Lonse. Reinildo ndimamuika wachiwiri, ndipo poti akadali pabwalo, mpando umenewo akhoza kuusuntha.

Chondidetsa nkhawa chili pafupi. Matimu a mumzinda uno, monga FC Lichinga ndi Desportivo do Niassa, anakwerapo mu Moçambola. Ku Metangula, ku Mandimba ndi ku Mecanhelas kwakhala anyamata amene anatchinga pa mabwalo a fumbi opanda nsapato, timu yonse n'kumadalira iwo. Vicente ali m'mabuku a ku Lisboa, ndipo Reinildo ali pa foni ya mwana aliyense. Awa a kwathu ali m'mitu ya madala okha, ndipo madalawo akutha. Amene muli ndi agogo kapena amalume amene ankakonda mpira, khalani nawo pansi, muwafunse dzina la difenda wa m'mudzi mwanu, timu yake ndi chaka chake, mulembe pa pepala. Mukatero, ulendo wina tikamakangana za woposa onse, Niassa idzakhala ndi dzina lake loponya pabwalo.